Solo Yanga ndi Hatchi Yokana Bokosi

Lolemba

Mvula, monga mwa masiku onse kuno kwa azungu. Koma ine lero ndikuwala! Dzulo a Mbewe, mkulu wa kwaya yathu, anandipatsa solo. Ine! Zaka 7 ndili mzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndikungouzidwa kuti "tsitsani pang'ono, achimwene." Tsopano a Zulu, amene amaimba ma solo onse, apita ku Lusaka kukaona mayi awo, abambo ena awiri ali pa shifiti, ndiye ndatsala ine. Ukwati wa mwana wa a Banda, Loweruka 1 koloko, kutchalitchi ku Drumcondra. Mizere inayi, ndekha, pa maiki.

Kuntchito 6 koloko. Makola 8 a mahatchi, ndowe mawilibala osawerengeka, udzu watsopano, madzi. Ndikuimba ponseponse.

Vuto ndi Bisiketi. Hatchi yofiirira ya zaka 4, miyendo ngati nsungwi, mutu wouma. Si wothamanga ngati anzake a khola lakumtunda, iyeyu akuphunzira zodumpha mipanda ndi madzi. Chilichonse amamva kupatula chimodzi: kulowa m'bokosi, ngolo yotseka ija timakoka ndi jipi popita kumpikisano. Mwezi watha anthu anayi analimbana naye mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndikudutsa ndi ndowa, ndikudziimbira mizere yomweyi ya a Zulu, imene ndakhala ndikuiba mwakabisira zaka zonsezi, basi Bisiketi ananditsatira mpaka m'kati. Kuyambira tsikulo salowa ngati sindikuimba.

Lero bwana Fergal, mwini khola, akuti Bisiketi ali ndi mpikisano wake woyamba. Liti? Loweruka! Kumidzi uko, ulendo wa maola awiri. M'mawa ndikhoza kumulowetsa ndisanapite kuukwati. Nanga pobwerera amulowetsa ndani?

Pulani:
1. Kuphunzitsa munthu wina nyimboyi.
2. Loweruka kulowetsa hatchi, kuwabayibitsa, kukwera basi.
3. Kusamba kawiri.
4. Kuimba mpaka a Mbewe agwetse misozi.

Zophweka.

Lachiwiri

Ndasankha Orla, mtsikana amene amakwera Bisiketi. Mawu ndamulembera pa thumba la chakudya cha mahatchi. Mphindi 20, wagwira kale. Ndipo kuimba kwake, abale inu! Mawu osalala, osakhota paliponse. Mahatchi othamanga aja atulutsa mitu m'makola kumvetsera. Ndisaname, mtima wandiwawa pang'ono.

Tatenga Bisiketi. Orla akuimba, akutsogola. Bisiketi wafika pa thabwa lokwerera, waima nji! Wayang'ana Orla. Wayang'ana ine. Wachita ndowe.

Kasanu konse, chimodzimodzi, kupatula kuti ndowe zinatha kachitatu.

Ndiyeno ndayamba ine, mzere woyamba wokha. Kho, kho, kho, ali m'kati, akudya udzu ngati palibe chachitika.

Madzulo ndikuyeserera m'bafa kunyumba ku Mulhuddart. Tadala, mwana wanga, akugogoda, akufunsa m'Chingerezi ngati mapaipi ayambanso kulira. Ana okulira kuno ulemu anausiya m'ndege imene sanakwere n'komwe.

Lachitatu

Nzeru yatsopano: foni. Ndadzijambula mawu m'chipinda cha zakudya, katatu, ndasankha kabwino. Tabisa foni m'udzu m'bokosi, ine ndabisala kuseri kwa thirakitala.

Zikuyenda! Makutu tcheru. Mwendo woyamba pathabwa. Wachiwiri. Wachitatu...

Foni kulira. Alamu anga aku Balaka, pa vidiyo. Bisiketi wabwerera chambuyo ngati wawona mzukwa, wagunda ndowa, ndowa yagunda wilibala, wilibala yagunda bwana Fergal. Nkhani ya alamu: mbuzi yawo yaswa mapasa, amafuna ndione. Ndaona. Ndi tokongola.

Kachiwiri tatseka netiweki. Walowa theka, akundifunafuna, wanunkhiza udzu, wapeza foni, waiyang'ana nthawi yaitali. Kenako wailuma. Galasi lang'aluka pakati, ndipo iye watuluka mwaulemu wake. Si chitsiru ameneyu.

Pulakatisi ya kwaya, 7 koloko. Ndaimba solo yanga ndi mtima wonse. Amayi a soparano onse akuyang'ana nsapato zawo, ndikuganiza kuti yawakhudza. A Mbewe akuti: "Zili bwino, achimwene. Koma maiki muziigwirira patali. Patalinso. Eya, pamenepo." Pamenepo mkono wonse unali utatambasuka.

Lachinayi

Bwana Fergal akuti mwina ndi fungo. Avala jekete yanga ndi chipewa changa, atenga thumba lija la mawu. Munthu wa zaka 60, chibadwire sanaimbepo ngakhale pa maliro. Mawu ngati geti ya dzimbiri, Chichewa chake choti ukhoza kupita nacho kupolisi.

Koma taonani! Bisiketi waponda masitepe awiri. Awiri athunthu! Kenako wapendeketsa mutu, wamvetsera bwinobwino, wabwerera.

Orla wawomba m'manja. "Ndazindikira! Safuna nyimbo yoimbidwa bwino. Amafuna..." Nkhope psuu. Ndamuuza kuti amalize. "Amafuna mmene mumaimbira inuyo."

Ndakwiya, ndipo ndikulemba pano kuti ndakwiya. Lanchi sindinadye nawo. Ndadyera m'khola mwa Bisiketi, amene wandibera apozi n'kugoneka mutu paphewa panga. Mutu wa hatchi ndi wolemera, koma sindinauchotse.

Kunyumba amake Tadala akuti: "Bambo, bwanji osangowauza a Mbewe lero lomwe, apeze wina nthawi ikadalipo?" Ndati ayi. Zaka 7 si masewera. Akuti chabwino, koma suti asita okha, chifukwa ulendo watha ndinaiotcha pathako.

Lachisanu

Zimene tayesa lero:
kaloti (wadya, sanalowe)
kaloti wothira uchi (wadya ndi chala cha Orla chomwe)
kutsogoza Meja, hatchi yokalamba ya zaka 22, kuti amuonetse chitsanzo (Meja walowa, wagona, wakana kutuluka)
ine kuimba pa vidiyo ndili kuchimbudzi, monga ndingachitire ndili kutchalitchi (Bisiketi wasuzumira kuseri kwa foni ya Orla, sanandipeze, watifulatira)
bwana Fergal kutukwana
bwana Fergal kupemphera

Palibe.

Koma pulani sinafe, yangosintha malaya. Ndipita nawo. Bisiketi akuyamba 8:30, pofika 10:30 akhala atamaliza zonse. Ndimulowetsa, tinyamuka. Bwana alumbira kuti anditula pakhomo penipeni pa tchalitchi 12:45, jipi, bokosi, hatchi ndi zonse. Anthu a kuukwati adzaone mmene woimba solo amafikira!

Suti ili m'pulasitiki. Nsapato zapolishidwa. Uchi wotsala wa Bisiketi ndamwa ndi madzi otentha, wa pakhosi.

Loweruka

5 koloko, kukadali mdima. Mzere woyamba, kho, kho, kho, walowa. Tanyamuka.

Malo ake ndi munda waukulu, matope okhaokha, mabokosi mbali zonse, agalu ovala majekete. Gawo loyamba, loyenda mwadongosolo m'bwalo: Bisiketi ngati msilikali. Lachiwiri, mipanda: sanagwetse ngakhale ndodo imodzi. Lachitatu, kuthamanga m'minda. Pofika pa dziwe anazengereza, ine ndakuwa "Dumpha, mwana iwe!" Phava! Wadutsa. Mayi wina wandifunsa ngati ndili bwino.

10:40, zatha. Ndamutsuka, ndamufunditsa, ndavala suti kuseri kwa bokosi. Nsapato ayi, matope awa ndi a gambutsi. Tachedwa ndi mphindi 10 zokha.

Ndiye chimkuzamawu chikulengeza kuti pakadali pano Bisiketi ali nambala 3. Mphoto ndi kansalu ka riboni chabe, koma amapereka onse akamaliza, cha m'ma 12:30, ndipo wokwera amalandira ali pahatchi yake.

Bwana Fergal akuti, "Ndinalonjeza. Tiyeni tizipita," maso ali pansi. Orla akungopukuta chishalo chimene wapukuta kale. Mwanayu zaka zitatu akugwa m'matope, kudzuka, kugwanso, sanalandirepo kanthu. Ndipo hatchiyi ndine ndimaidyetsa m'mawa uliwonse. Ndayang'ana wotchi. Ndayang'ana msewu, kulibe basi, kuli nkhosa basi.

Ndamva pakamwa panga pakunena kuti tidikire. Ndikanatha kupamenya.

Ndalembera a Mbewe pa galasi long'aluka lija. Yankho labwera mphindi isanathe: "Musadandaule ngakhale pang'ono, achimwene! Ndiimba ndekha." Ndi tizithunzi titatu ta manja opemphera. Munthu angayankhe msanga chonchi nkhani yachisoni?

Riboni yachikasu. Orla walira, bwana Fergal akuti ndi mphepo yawalowa m'maso.

1 koloko yeniyeni. Ku Drumcondra mkwatibwi akulowa. Ine ndili m'munda, suti, tayi, gambutsi, chingwe m'manja. Ndati lero ndiye lero, solo ndi solo. Sindinaimbe mzere umodzi, ndaimba yonse inayi, kukhosi konse, popanda wondiuza kuti tsitsani. Agalu akuwa. Anthu asiya zochita. Bisiketi anadikira mpaka mawu omaliza, ndiyeno kho, kho, kho.

Andiwombera m'manja! Bambo wina wapempha kuti ndiimbirenso hatchi yake, nayonso imavuta. Ndayamba. Yadula chingwe, anakaigwira kumunda wachitatu.

Kumadyerero ndafika 4:30. Nyama yatha. Tadala akuti ndikhale tebulo lina.

Lamulungu

Misa ya 11. Ndabwerera pamalo panga, pafupi ndi chitseko.

Aliyense akundipepesa, koma nkhope zawo zikuwala ngati alandira mapepala okhalira kuno. "Zinayenda bwino kwambiri," akutero mayi Banda, kenako akumbukira, "komatu tinakusowani." Vidiyo ndaionera. A Mbewe anaimba bwino, ndivomere. Palibe analira, koma palibenso anayang'ana nsapato. A Zulu akubwera Lachinayi, ndiye nkhani ya solo yathera pomwepa.

Zandiwawa. Ndimaifuna maiki ija, ndimafuna Tadala andione kutsogolo kamodzi kokha.

Pobwerera m'basi amake Tadala atulutsa foni. Orla anawatumizira vidiyo ya kumunda, ndipo akuti aionera kanayi. Tadala naye waitumiza kwa anzake, sindikufuna kudziwa walembapo chiyani. Mayiwo andigwira bondo: "Bambo, a Zulu aja zaka zonsezi akuimba, ndani anawatsatirapo? Inu muli naye wanu. Kungoti ali ndi miyendo inayi."

Madzulo ndi shifiti yanga yodyetsa. Riboni aikhoma pachitseko cha Bisiketi, wadya kale theka. Bwana Fergal amata pakhoma ndandanda ya mipikisano ya chaka chino, ndipo pa Loweruka lililonse alembapo dzina langa, pambali pake mawu amodzi: woimba.

Ndatenga foloko ya udzu ndi wilibala. Ndayamba mzere woyamba, motsitsa, monga ndinazolowera. Bisiketi wamenya chitseko ndi chiboda, kawiri.

Ndakweza.