Kufotokozera Abambo Chifukwa Chake Madzi Ndi Opindika

Lolemba, 2 Juni 1958
Lamulungu abambo akubwerera kwawo kutsidya kwa malire. Maso awo akutha, ndipo ndikuopa kuti sadzabweranso. Athyola tiyi moyo wawo wonse kuti ine ndiphunzire, koma amauza anthu kuti ku labotale ya esiteti ndimangotsuka mabotolo. Ndimatsukadi, koma si zokhazo! Asanapite ndikufuna amvetse chinthu chimodzi chomwe ndimadziwa: ma elekitironi amakhala awiriawiri kuzungulira atomu, awiri aliwonse amakankhana ndi anzawo, ndipo kukankhanako ndiko kumapatsa molekyu maonekedwe ake.
Zofunika: malalanje asanu, timitengo ta nsungwi, kuleza mtima.

Lachiwiri, 3 Juni
Lalanje limodzi pakati, anayi pa timitengo, motalikirana bwinobwino. Ndikuwapatsa kuti apapase. Akupapasa, akununkhiza, akusenda lapakatilo. "Lokoma, koma wina walibaya."

Lachitatu, 4 Juni
Mbuzi zinayi pa chikhomo chimodzi. Ziyenera kutalikirana. Mvula yozizira ya chiperoni yafika, zonse zaunjikana pamodzi! Abambo akuzisisita. "Zimakondana izi."

Lachinayi, 5 Juni
Lero anthu. Abambo pakati. Mkazi wanga ndi mlongo wanga akuima motalikirana osawauza n'komwe. Ndikuwomba m'manja, ndikuti ndi zomwezo, akukankhana! Abambo akuitanitsa mpando kuti aweruze mlandu. Mpaka madzulo nkhani ya mpango womwe awiriwa anakanganirana chaka chatha.

Lachisanu, 6 Juni
Palibe phunziro. Palibe akundilankhula.

Loweruka, 7 Juni
Tili awiri pakhonde, ndikungofotokoza pakamwa. M'madzi, atomu yapakati ili ndi magulu anayi a ma elekitironi. Awiri agwira ma atomu ena. Awiri enawo sagwira kanthu, pachithunzi saoneka, koma ndi amene amatenga malo aakulu, n'kukankha anzawo mpaka molekyu kupindika.
Abambo akuti: "Zimenezo ndimazidziwa, mwanawe. Chimwalirire amayi ako ndimagona m'mphepete mwa mphasa."
Sindikuwakonza. Ndikupita kuseri kwa nyumba kukalira pang'ono.

Lamulungu, 8 Juni
Basi, sayansi yandikanika. Pa Chitakale ndikuwakweza abambo pa lole. Akuuza munthu wina kuti asunthe, asiye malo pambali pawo. Munthuyo akufunsa kuti malowo ndi a ndani.
"Mufunse mwana wangayo, ndi wophunzira."
Lole yanyamuka ndisanayankhe. Mawa kuntchito.