Kuthamangitsana ndi Ola Limodzi

Lolemba

Ambuye, ndayamba. Loweruka likubwerali kuli mpikisano wothamanga makilomita khumi, kuchokera pa boma kulowera msewu wa ku boda ndi kubwerera. Ndalembetsa. Ine, bambo wa ana anayi, woyambitsa nyimbo pa mphakati, wogulitsa mbewu ndi feteleza m'shopu ya eni ake!

Ndilembe m'mene zinayambira, kuti tsiku lina ndisadzanamizire satana. Wothamanga weniweni ndi Limbani, namwino wa pa boma, kwawo ku Zomba. Ine yanga inali kumutsata panjinga ndi botolo la madzi, basi, monga mnzake. Tsiku lina tcheni chinaduka. Ndinasiya njinga pa okala n'kumuthamangira botolo lili m'manja, poopa kuti mwana wa eni angakomoke ndi ludzu m'dziko lachilendo. Ndinamupeza. Sindinafe. Chimenecho chikundidabwitsa mpaka lero.

Mpikisano wa mu Epulo ndinathamanga nawo: ola limodzi ndi timphindi tingapo pamwamba. Timphindi timeneto tikundisowetsa mtendere. Ndikufuna Loweruka ndikafike ola lisanakwane. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Limbani bondo latupa, ndiye ulendo uno wonyamula madzi ndi iyeyo. Akuti, "Achimwene, musapikisane ndi munthu. Pikisanani ndi inu wa Epulo."

Mafunso amene ndilibe womufunsa:
Munthu akadziposa yekha, wogonja ndi ndani?
Kumeneku si kunyada kumene kwangovala nsapato?
N'chifukwa chiyani m'nthiti mumabaya mbali imodzi yokha?

Lachiwiri

Kuzizira kwake! Ndikutuluka dzuwa likungosuzumira. Kabudula, nsapato za pa kaunjika, foni m'thumba. Limbani wandiikira kanthu m'foni kowerenga mtunda ndi nthawi. Muli mayi wachizungu amene amalankhula yekha akafuna. Amadziwa bwanji pamene ndili? Ndamufunsa, sayankha.

Njira yafumbi yolowera ku Guilleme. Miyendo ili bwino. Vuto ndi moni.

A Banda achikulire akuotha dzuwa pakhonde. Sindingawadutse ngati chitsa. Ndikuima. Adzuka bwanji, kunyumba adzuka bwanji, mtedza amaliza kukumba, chifuwa chija chinatha. Iwo: "Nanga kwagwanji, Aphiri?" Ndikuti palibe. "Ndiye mukuthawa chiyani?" Ndikuti ndikungothamanga. Akuyang'ana kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kudikira kuti chondithamangitsacho chitulukire.

Pa mjigo amayi asiya zidebe, awiri akunditsata. "Kwapsa kuti?" Ndachita kubwerera kukawatsimikizira kuti kunyumba denga lili pomwepo.

Ndazindikira kuti kuno munthu wamkulu amathamanga pa zinthu zitatu: moto, wakuba, njuchi. Changachi n'chachinayi ndipo chilibe dzina.

Mayi wa m'foni walankhula ndili pakati popereka moni. Sindinamve zonse, koma mawu ake anali a munthu wokhumudwa.

Limbani akuti, "Muzingokweza dzanja, musaime."

Lachitatu

Ndikukweza dzanja. Kwa a Banda, dzanja. Pa mjigo, dzanja. Liwiro lake! Mphepo m'makutu! Ndiulule pano pomwe: ndakondwa, ndipo kukondwako sikunali koyera.

Ndiye pokhota pa madimba, apongozi. Amayi ake a mkazi wanga, khasu paphewa, akubwera njira yomweyi. Ine mkamwini, ntchafu zili poyera! Zaka zonsezi sanaonepo ngakhale bondo langa. Apa dzanja siligwira ntchito. Mkamwini amapatuka, amanjuta.

Ndalumphira m'munda wa eni, kuseri kwa mkukwe wa chimanga. Ndanjuta. Moni ndikupereka kuchokera m'mapesi. Iwo atembenukira kumbali, akuyankhira mtengo wa mango: "Tadzuka, kaya anzathu kumeneko."

Sakuchoka. Akumana ndi mnzawo, ayamba nkhani ya chitopa chimene chatha nkhuku. Nkhuku iliyonse ikutchulidwa payokha, ndi m'mene inafera. Ine ndili m'mapesi, linthumbu likukwera. Linthumbu limadziwa bwanji malo amene munthu sangakande pamaso pa apongozi?

Masana mayi a Tereza, mkazi wanga, afika ku shopu. Akuti mudzi wonse wamva ziwiri: kuti ndayamba kupereka moni ngati phungu ali m'galimoto, ndiponso kuti amayi awo aona zimene sanapemphe. "Bambo a Tereza, mukafuna kuvula muzikavulira ku boma."

Madzulo ndapita kwa a Banda kukapereka moni wa m'mawa. Aulandira, koma mozizira.

Lachinayi

Buluku lalitali. Msewu wa tala, kumene aliyense ndi wapaulendo. Ndaganiza zophatikiza ziwiri, kuthamanga ndi korona, kuti Mulungu asaone ngati ndamulanda m'mawa wake.

Zimene ndaphunzira:
Pamalo osalala Tikuoneni Maria amagwirizana bwino ndi mapazi.
Pachitunda mpweya umathera pakati pa pemphero, Amayi Maria n'kutsala akudikira.
Potsetsereka ndimapemphera ngati kondakitala woitanira minibasi. Ichi chandiopsa.
Buluku limakhula m'mphechepeche.

A kabaza sakundisiya. "Tiyeni bwana, tikakusiyeni!" Mmodzi wapalasa pambali panga mtunda wautali ndithu, osalankhula. Nditamufunsa akuti akudikira nditope.

Mayi wina wa ku Chipata, wakhalira matumba ake m'mbali mwa msewu: "Ba boss, nichani? Boda sibatseka manje, yendani chabe bwino bwino!"

Nthawi sinasinthe. Timphindi tija takakamira ngati nkhupakupa. Mwendo wakumanzere wayamba kulankhula, sindikudziwa ngati ukudandaula kapena ukuchenjeza. Masiku atatu okonzekera atha: limodzi lapita ndi moni, limodzi ndi apongozi, limodzi ndi buluku.

Lachisanu

Lero kupuma, lamulo la Limbani. Akuti ndidye mbatata ndi mpunga wambiri. Mayi a Tereza aphika mbatata yokha. Akuti mpunga ndi wa anthu amene ali ndi ulendo weniweni, osati wopita n'kubwerera pomwe wachokera chimanjamanja.

Masana ndapalasa kupita ku parishi kukalapa. Ndanena zonse: dzanja lija, kukondwa kuja, korona wa potsetsereka, ndiponso kuti Lamulungu lapitali nthawi ya ulaliki mutu wanga unali pamsewu wa ku boda. Abambo Mfumu amvetsera mpaka kumapeto. Kenaka: "Mukufuna kuposa ndani?" Ndikuti ine ndemwe wa mu Epulo. "Iyeyo wadandaula?" Ndikuti ayi. Andipatsa mapemphero oti ndinene, ndipo atsindika kuti ndinene nditakhala pansi.

Ndikutuluka, akundiitananso. Mtima phaa, mwina pali tchimo limene aliona ine osaliona. "Nsapatozo munazipeza kuti?"

Nambala ndatenga, pepala lomangirira pachifuwa ndi mapini. Ndavala kuchipinda, ndadziyang'ana pagalasi kawiri. Kachiwiriko kanalibe chifukwa. Ndikalapenso? Kabudula wabwerera, ku boma n'kololedwa.

Loweruka

Anthu ambiri kuposa mu Epulo. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, ena ochokera ku Lilongwe, nsapato zawo zowala ngati papaya wakupsa. Wenzulo yalira. Tanyamuka!

Palibe moni, palibe a kabaza. Phiri lili m'nkhungu, miyendo ikudziyendera yokha, ngakhale wakumanzere wasunga pakamwa. Potembenukira Limbani akukuwa ali panjinga, akupalasa ndi mwendo umodzi ndi theka: "Achimwene, muli mkati! Wa Epulo mwamusiya kumbuyo!" Ndamwa madzi osaima, ambiri alowa m'mphuno. Ndikumva ngati ndilire.

Pobwerera, malata a pa boma akuoneka kale patali. Ndiye masamba.

Nthambi zaziwisi zayalidwa pamsewu. Popita panalibe. Maliro, ongochitika kumene.

A ku Lilongwe awiri angodumpha. Wachitatu wachepetsa liwiro, dzanja pachifuwa, wadutsa. Limbani watsika njinga, akukankha motsimphina. Ine miyendo yaima yokha isanandifunse. Chipewa chili kale m'manja. Ndikuyenda.

Masamba achiwiri, othera, ndikuwaona uko. Si patali. Ndikangowadutsa ndine mfulu, ndipo nthawi ilipo. Funso: kuyenda kwaulemu kumathera pati, kuthamanga kumayambira pati? Ndikutalikitsa mapazi pang'ono chabe, nkhope ndaisunga yachisoni.

"Aphiri! Mwafika kale?"

Ndi a Mbewe, mnzanga wa m'kwaya ya ku parishi. Atulukira pamsewu maso ali psuu. Amayi awo atisiya m'mawa womwe uno. Andigwira manja onse awiri. "Tangoimbira kumene foni kunyumba kwanu. Taonani thukuta! Anthuni, Aphiri athamanga wapansi!" Amayi pakhonde akweza kulira. Wina akuti chikondi chotere chinatha kalekale.

Nambala ili pachifuwa, yaikulu ngati kalendala. Kumbuyo kwanga nsapato zikudutsa, phaphapha, phaphapha. "Palibe woyambitsa nyimbo," akutero a Mbewe. Mayi wina wandiponyera chitenje kuti ndiphimbe miyendo.

Ndayang'ana Limbani. Watsamiritsa njinga pamtengo, wakhala pansi ndi amuna anzathu, botolo langa lili pakati pa mapazi ake.

Ndayambitsa nyimbo. Mawu ake! Sindinaimbepo chonchi, mpweya ukungobwera wokha, mzere wonse osapumira. N'kuthamangaku kodi? Ndiyenera kufunsa Limbani.

Pakati pa pemphero mayi wa m'foni walankhula m'thumba, Chingerezi chake chonse, kulengeza kuti ola lakwana. Mkulu wina wayankha, "Amen."

Lamulungu

Miyendo ngati yobwereka. Pa Misa pogwada ndachita kugwira benchi, podzuka andikoka.

Limbani akuti okonza mpikisano anandidikira mpaka anapasula tenti, wina anakafunsa kuchipatala ngati ndagonekedwa. Akuti ndikanafika ola lisanakwane, mosakayika. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena ndi unamwino chabe. Nthawi yanga ikadali ija ya mu Epulo.

Ndisaname, mbali ina ya mtima ikuwawa. Ndikungofuna kudziwa: ndikanadumpha masamba aja, bwenzi lero ndikumva bwanji? Miyendo sinandipatse mpata woti ndidziwe.

Pasiwa anthu akundiloza. "Ndi awo anathamanga aja." Amayi andipatsira tiyi m'kapu ya alendo. Sindinapirire. Ndakokera a Mbewe kuseri kwa nkhokwe, ndawauza zonse: sindinkathamangira uthenga, ndinali pa mpikisano, za foni ya kunyumba sindinkadziwa n'komwe.

Andiyang'ana. Aseka pang'ono, koyamba chiyambire dzulo. "Aphiri, nambala ija ndinaiona mukadali patali. Nanga enawo ndikanawagwira bwanji? Woyenda munali inu nokha."

Basi. Ola limodzi lakana, likhale. Ulendo wa kumanda uyamba posachedwa ndipo nyimbo andipatsa ine. Tiyenda pang'onopang'ono. Kumeneko palibe amene akufuna kufika woyamba.