Ntchefu Yanga ya Makoko

Lolemba

Nkhani yabwino! Bwana wa loji ina ya kuboda akubwera Loweruka kudzaona zinyama zanga. Akufuna zokongoletsera pakapinga. Andiuza ndi alamu anga a Dyson, amene amakamugulitsa mbatata.

Akazi anga, mayi a Tadala, sizikuwakhudza. "Chigafa chimenechi n'cha malemu bambo anga. Bwana wanuyo akapanda kutenga olo chimodzi, Lamulungu zidole zonse panja, ndiikemo mtedza." Zidole! Nanga mkamwini angayankhe chiyani? Atatero akwera kabaza, ulendo wa ku Ludzi kukaona amayi awo kuchipatala.

Zomwe zilipo:
njovu ya dothi lapachulu (yosawotcha)
fulu wa simenti
mkango wa waya
nkhanga ya zitini

Chatsala n'chachikulu: ntchefu ya nsungwi ndi makoko a chimanga, msinkhu wa ng'ombe. Imeneyo ndiye idzamusowetse chonena bwanayo.

Lachiwiri

Ndikuwotcha njovu ndi zitsononkho. Moto ukuyaka bwinobwino, kenaka phuu! Chitamba uko, makutu uko. Chatsala chikufanana ndi mphika woboola.

A Nabanda, oyandikana nafe, asuzumira m'chigafa n'kuona mkango. "Koma galu wanuyu ngwowonda!" Munthu sanafikepo ndi ku Lilongwe komwe, mkango angaudziwe?

Lachitatu

Tsiku la ntchefu. Thupi latheka, nyanga zatheka. Miyendo ndiye mavuto: ndikaimika, thyoo. Ndikamanganso ndi luzi, thyoo. Basi ndapsa mtima, miyendo ndachotsa yonse. Makoko ndawalukira mpaka pansi, ngati yagona m'udzu. Nzeru zimenezi!

Mbuzi yathu yadyako mchira. Ndaika wina wa chiguduli.

Eee, koma yakongola! Ndakhala pa fulu kumangoiyang'ana mpaka chakudya chazizira.

Lachinayi

Ndaitulutsa pabwalo kuti iwombedwe dzuwa. Amayi ochokera kumjigo angoiona, ndowa pansi, liwiro! Ana ali balala, wina mpaka wasiya patapata. Mtima wanga uli myaa: ndiye kuti ikuoneka yamoyo.

Masana mayi a Tadala atsika pa kabaza, aponya maso, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. "Mayo ine! Abambo a Tadala, chilombo cha gule chikutani pakhomo panga?"

Akuti ndapanga kasiyamaliro weniweni, chilombo cha makoko chopanda miyendo chimene chimatuluka pa maliro. Ine ndidziwa bwanji? Kwathu n'ku Phalombe, kuno ndinabwerera utenanti wa fodya. Ng'oma za gule zikalira ndimatseka chitseko.

Anthu ayamba kale kufunsana kuti wamwalira ndani. A Nabanda abwera ndi kambale ka ufa, akulira!

Lachisanu

Alendo a lero:

M'mawa, mkulu wa mpingo. Sanakhale n'komwe pansi. "Munthu wa kwaya ngati inu! Lamulungu mukhale kumbuyo, nkhaniyi ikambidwa."

Madzulo, azibambo atatu a gule. Awa ndiye akhala pansi, apereka moni bwinobwino. Akuti chinthu chotere sichipangidwa pamaso pa amayi ndi ana, komanso wochipanga sakhala munthu wosalowa gule. Chindapusa: nkhuku. Ntchefu: akuitenga.

Ndafotokoza za bwana wa loji, za miyendo, za chigafa. Angogwedeza mitu.

Asanaikweze pangolo, wamkulu wawo, mdala wa imvi, waizungulira pang'onopang'ono, akusisita msana. "Achimwene, anakuphunzitsani ndani? Mapindidwe a msanawa anyamata athu sawatha." Aifunditsa lona, basi yapita. Nkhuku yapita yoikira mazira ija. Mayi a Tadala sakundilankhula.

Loweruka

Bwana wafika, galimoto yoyera, nsapato zosongoka. Ndamulowetsa m'chigafa thukuta lili kamukamu.

Njovu: waidumpha.
Nkhanga: akuti ingacheke ana a alendo.
Mkango: "Nkhandwe imeneyi ikudwala?"

Kenaka waona fulu. "Uyu ndiye ndamukonda. Kwezani." Ambuye alemekezeke!

Tigwira ine ndi a Dyson. Osasuntha. Tiitana wa kabaza. Osasuntha. Ndipamene ndikukumbukira kuti ndinamuumbira pomwepo, simenti inagwirana ndi mwala wapansi. A Dyson abweretsa chitsulo, alowetsa kukhosi, akanikiza. Mutu gwa! uko, wagubudukira pansapato za bwana.

Bwana wanyamuka ndi thumba la mbatata basi. Akutsegula galimoto akuti, "Mulibe chachikulu, cha zinthu zakumudzi, ngati makoko?" A Dyson ayang'ana kumwamba. Ine ndayang'ana mbuzi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, pafupi ndi njinga. Kwaya yaimba popanda besi, ndipo palibe waona kusiyana. Zandiwawa, ndisaname.

Chigafa chadzaza mtedza. Mkango auimika pakhomo pake kuti uziopseza nkhuku, koma nkhuku zikugona pamsana pake. Fulu wopanda mutu ndiye wakana kutuluka. Mayi a Tadala akhalapo akuswa mtedza, akuti mpando wake ngwabwino. Andipatsa lichero, nanenso ndikuswa.

Chakumadzulo ng'oma zayamba kutsidya kwa dambo. Chitseko lero sindinatseke. Zaka zonsezi ndikupanga zinyama, munthu mmodzi yekha ndiye wandiyamikira, ndipo ndi yemwe wandilanda.

Akuti ntchefu yanga ili komweko, ndipo mchira wa chiguduli uja sanauchotse.