Nkhondo ya Malire Oyenda

Khalani pansi, inu a matako osakhazikika, ndipo mizimu ya onse amene anafa akulozerana zala chifukwa cha malo isendere pafupi, idzanditsine ndikanama. Izi zinachitika ku Mampong m'masiku aakulu aja, boma litatopa ndi milandu ya malire n'kulamula kuti lamulo la malo lilembedwe mwatsopano, masiku amene maloya ankayenda ngati atambala a m'mudzi wopanda mpeni.

Maloyawo anasankhana asanu ndi awiri, akuti komiti, kuti akauze a ku nyumba ya malamulo zoyenera kulemba. Pampando anakhazikapo Kwaku Boadu, Njobvu ya pa Khoti, Mphezi Yovala Tayi, iye amene akatsokomola mboni zimaiwala maina a ana awo, mwana wa mayi Fosuaa, yemwe uja ankanyowetsa mphasa mpaka mano achiwiri atamera.

Boadu analemba ndime ndi dzanja lake, napita nayo pa wailesi, naiwerenga chifuwa chili patsogolo.

"Inu eni nthaka, imvani. Chomera chilichonse chimene makolo anadzala pamalire, pamene chaima lero ndi pamene pali malire. Pakuti munthu amanama, pepala limapsa, koma chomera sichiyenda."

Anzake a m'komiti anaomba m'manja. Pa asanu ndi awiri onsewo panalibe amene anadzalapo nthochi. Amaidziwa ikafika m'mbale.

Tsono mayi Fosuaa anali ndi mng'ono wawo, mayi Dufie. Mimba imodzi, bere limodzi, nyumba zogundana, koma moni anasiya kupatsana kalekale. Mayi awo asanamwalire anadzala nthochi pakati pa mabwalo awiriwo n'kunena kuti malire ndi amenewa. Koma nthochi imayenda, ngakhale mbuzi ikudziwa. Ikabala imafa, mwana wake amaphukira pambali, mdzukulu pambali pakenso. Pa zaka makumi atatu nthochi ija inali itayenda mapazi khumi ndi awiri kulowera kwa Fosuaa, n'kudutsa mtondo wa malemu mayi awo, umene Fosuaa ankasinjiramo fufu, nsima ya kumeneko ya chinangwa ndi nthochi, masiku onse.

Mayi Dufie, Kambuku wa Kuseri kwa Khitchini, iwo amene lilime lawo linathamangitsa amuna awiri ndi m'busa mmodzi, anamva wailesi ija. Anamanga nsalu m'chiuno, anayenda mapazi khumi ndi awiri, anavundikira mtondo ndi beseni, nakhalapo.

"Akulu, mwamumva mwana wanu wophunzira uja? Akuti chomera sichiyenda. Ndiye chotsani mapazi pabwalo langa."

"Iwe Dufie, mtondo umenewo ndi wa amayi."

"Amayi anabereka inu nokha? Ine ananditola pamsika? Chili pamalo anga ndi changa."

Tsiku lomwelo foni ya Boadu inalira. Anali mayi ake, mau ochepa: "Kwaku, bwera udzadye ndime yako."

Njobvu inafika Loweruka pa galimoto lalitali ngati maliro a munthu wolemera. Mayi ake anamupatsa madzi osamba m'manja, namuikira mbale ya supu wa nyama ya mbuzi. Supu yekha. Boadu anasuzumira m'mbalemo ngati munthu wofuna mboni imene yathawa.

"Amayi, nanga fufu?"

"Fufu ali kunja kwa dziko. Kapemphe chiphaso kwa mayi ako aang'ono." Anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi. "Mtondo wa amayi ukapanda kubwerera, pakhomo pano sudzadyaponso, ndipo ndikafa bokosi langa usadzaligwire. Adzanyamule a wailesi."

Boadu anabwerera m'mimba muli madzi okhaokha. Kufafaniza ndime sakanatha, dziko lonse linali litamumva. Kusiya mtondo sakanathanso. Ndiye anachita zimene amachita munthu wamkulu akapanikizika: anaitanitsa msonkhano.

Ha, msonkhano wake. Loya Antwi, Nkhalamba ya Mabuku, amene anayamba kuvala mkanjo anzakewo akuyamwa, anaimirira nafunsa ngati nthochi ili mtengo kapena udzu. Funso limenelo linadya miyezi itatu ndi nkhuku zowotcha zosawerengeka. Wina anati chinthu chopanda miyendo sichingayende, ndiye ngati nthochi yasuntha, wasuntha ndi mtondo. Pomaliza anagwirizana kuti apite akamuone okha woimbidwa mlanduyo, nthochi ija.

Anafika dzuwa lili paliwombo, asanu ndi awiri, m'mikanjo yakuda, kumutu atavala tizipewa tawo taubweya woyera tija, thukuta likuyenderera ngati akuwafinya. Anazungulira nthochi. Anaiyeza ndi tepi. Nthochi sinayankhe kanthu. Kenako Antwi anatembenukira kwa Dufie, amene anali adakali pa beseni paja.

"Mayi, tiuzeni pamaso pa komiti. Ngati inayendadi, n'chifukwa chiyani inalowera uku osati uko?"

Apa mpamene Kambuku anadziluma mchira. Pakamwa pake sipakanalola mwayi wonyoza mkulu wake udutse.

"Bambo loya, sukulu yonseyo? Nthochi imatsata madzi. Akuluwa ndi aulesi, madzi otsukira mtondo amangokhuthulira pomwepo. Ine anga ndimakataya kumsewu ngati munthu woleredwa."

Mayi Fosuaa anangotola ndowa yawo nalowa m'nyumba. Boadu, amene anakulira m'manja mwawo, ataona kuti mayi ake atukwanidwa osabweza, anadziwa kuti nkhondo ili pafupi.

M'mawa mwake Fosuaa anasenza ndowa ya madzi, anadutsa nthochi, nakakhuthulira mbali ya Dufie kuti malire abwerere kwawo. Dufie anayankha ndi ndowa ziwiri mbali ya Fosuaa. Fosuaa anabweza zitatu ndi madzi otsukira nsomba. Inayambika motero Nkhondo ya Ndowa, imene ana a ku Mampong adzasimbira ana awo, nkhondo imene mdani aliyense ankadzuka mbandakucha kukathirira bwalo la mnzake mokhulupirika kuposa mmene anathiririrapo lake.

Nayo Njobvu sinapulumuke. Loweruka lililonse mayi ake ankaipindisa thalauza n'kuisenzetsa ndowa. Ikangotula, Dufie ankaitana.

"Kwaku, tabwera. Ine si mayi ako? Sindinakubereke kumsana iwe, mamina ali mbwee? Tenga iyi ukathire uko."

Ndipo Mphezi Yovala Tayi inkatenga, chifukwa mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, zimenezo ngakhale komiti singazisinthe. Ankathira ndowa kumanzere, ndowa kumanja, osakondera, n'kubwerera kutauni ndi njala.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Komiti inali idakali pa liu loti "kuyenda". Koma nthochi, imene chibadwire sinaonepo chikondi chotere, inaphukira uku ndi uku, ana, adzukulu, zidzukulutudzi, mpaka pakati pa nyumba ziwirizo panasanduka nkhalango, mtondo uli pakatikati ngati mfumu yozingidwa ndi asilikali.

Loweruka lina Boadu anatula ndowa, anayang'ana nkhalangoyo nthawi yaitali, nathamangira ku galimoto thalauza lili chipindire. Anabwera nayo komiti yonse ndi tepi yawo. Atayeza anapeza kuti malire okha, kunenepa kwake, ndi mapazi makumi awiri ndi anayi. Njobvu inakwera pa chitsa, inakonza kachipewa, ninena:

"Inu amayi anga awiri, inu maloya, inu nkhuku za pakhomo pano, imvani. Ndime yanga yaima: pamene pali chomera ndi pamene pali malire. Chomera chili ponseponse. Choncho mtondo suli kwa amayi, suli kwa amayi aang'ono. Uli m'kati mwa malire, ndipo malire ndi a anthu awiri. Wina asasinjemo popanda mnzake."

"Zaka ziwiri kuti unene zimenezo?" anatero Fosuaa.

"Anatengera bambo ake," anatero Dufie. Aka kanali koyamba abale awiriwa kugwirizana pa kanthu chimwalirire mayi awo.

Komiti inakhala pansi pomwepo n'kukonza ndime ija kuti ipite ku nyumba ya malamulo ikunena kuti chomera sichiyenda, kupatula nthochi. Antwi anafuna kufunsa za dzungu, koma anzake anamugwira mkanjo.

Panatsala mwambo wa mtendere. Fufu sasinja munthu mmodzi: wina amaimirira ndi munsi, wina amakhala pansi n'kumatembenuza ndi dzanja m'mtondomo munsi ukakwera. Chinangwa chinaphikidwa, nthochi zinadulidwa pamalire pomwepo. Fosuaa, pokhala wamkulu, anagwira munsi. Dufie anauyang'ana munsiwo, anayang'ana mkulu wake.

"Dzanja langa pansi pa munsi wa akuluwa? Alembi ayambe awerenga zala."

Mlembi wa komiti anagwada mu mkanjo wake, anawerenga mokweza, napeza khumi, nalemba m'buku la msonkhano. Maloya asanu ndi awiri anaima chilili, tizipewa pachifuwa, ngati pakudutsa mtembo wa mfumu. Munsi unakwera, unatsika. Dzanja linalowa, linatuluka. Boadu anayang'anitsitsa munsiwo mpaka fufu atasalala, ndipo atamuikira mbale yake, yodzaza tsopano, anameza nthongo yoyamba maso ali chitsinzire.

Mlembi anagwadanso kuwerenga zala za Dufie. Khumi. Analemba, wapampando anasaina, maloya anaomba m'manja.

Mayi Fosuaa anatsamiritsa munsi pa nthochi, anayang'ana zala khumi zija, napukusa mutu.

"Ndakalamba," anatero. "Maso sakuonanso bwino."