Alamu a ku Bwanje ndi Tambala Wanga Kapitawo

Lolemba

Manyazi! Sukulu tatsekera, ndiye ndili m'khitchini, pilokesi yoyera kumutu ngati chipewa cha mashefu a pa kanema, mpeni m'manja, ndikufotokozera khoma kadulidwe ka anyezi. "Okondedwa owonera, taonani chala changa." Kutembenuka, owonera alipodi. Alamu anga a Gelevazio, achimwene ake a mkazi wanga Nangozo, ali chiimire pakhomo, thumba la mpunga paphewa, fumbi la ku Bwanje mpaka m'mawondo.

"Pitirizani, alamu. Khomalo likumva."

Nangozo mondinong'oneza: "Kagwireni Kapitawo." Kapitawo! Tambala mmodzi yekhayo pakhomo pano, wakuda bii, amene ndinachita kumufukata ngati khanda kuchokera ku Manjawira kuti andisinthire mtundu wa nkhuku. Misoti yangoyamba kumene kumuzolowera. Toto.

Pulani nayi, ya munthu wopita kukoleji. Alamu ndiwaphikira za pa kanema: zopanda nyama, mbale yaikulu, chakudya kachepechepe. Akagoma, apita. Akamva njala, apitanso. Paja mlendo ndi mame.

Lachiwiri

Saladi, monga amapangira mayi wa mandala uja wa pulogalamu ya masana, amene akalawa chakudya amatsinzina ngati akupempherera odwala. Kabichi wosaphika, tomato, peyala, ndimu. Katsamba pamwamba, kokongoletsa.

Alamu ayang'ana m'mbale. Ayang'ana ine.

"Nkhuni zatha kodi? Kapena mwasinthanitsa ndi mbale ya mbira?"

Adya zonse, ndi katsamba komwe. Za ulendo, zii.

Lachitatu

Ndalakwitsa, ndawayatsira kanema. Akonda shefu wamkulu uja wofiira nkhope, amene amalalatira ophika anzake n'kukhuthulira chakudya m'bini. Akuti ameneyo ndiye mphunzitsi, osati enafe.

Ndaphika mpunga wawo mwachitaliyana: msuzi pang'onopang'ono, kutakasa, msuzi, kutakasa, mpaka mkono kuuma. Chatuluka ndi phala. Alamu alawa, aika supuni pansi.

"Mpunga umenewu ndinaupirikitsira mbalame mpaka mawu kusasa. Wakulakwirani chiyani?"

Kenaka aloza chitseko monga amachitira shefu uja: "Vulani epuloni, muzipita kwanu."

Kwathu ndi kuno! Ine wochonga makope a ana a eni, lero ndachongedwa pabalaza panga pomwe.

Lachinayi

Mbatatesi yosinja, kampira kamodzi pakati pa mbale, msuzi wongopaka ndi supuni m'mphepete. Alamu aitana mlongo wawo: "Achemwali, mbaleyi sinatsukidwe."

Kapitawo, chitsiru cha tambala, wasankha nthawi yomweyo kudzalira pazenera.

"Mawu abwino," akutero alamu. "Ntchafunso zabwino."

Ndathamanga kukamubisa m'khola la akatekisi oyandikana nafe. Dzuwa lisanalowe wabwerera yekha, walowa pabalaza, waima patsogolo pa alamu, wakupiza mapiko. Umapulumutsa bwanji wosafuna kupulumuka?

China. Munthu wodya katsamba bwanji sakuwonda? Ndazemba kuseri kwa khitchini. Alamu ndi Nangozo ali pamphasa, nyemba apa, mpiru wotendera apa, akuseka mpaka misozi. Nangozo wavala kathumba ka shuga kumutu, akunditsanzira, akufotokozera mtengo wa pichesi ngati owonera. Ndaperekedwa m'nyumba mwanga!

Lachisanu

Tsiku losala nyama! Lamulo la Mpingo sindinalikondepo ngati lero. Kapitawo akuyenda pabwalo mwamatama, sakudziwa kuti wapulumukira katekisimu.

Lero ndiwagometsa basi. Moto wa m'chiwaya! Pa kanema shefu amathira vinyo, moto buu, anthu m'manja phuphuphu. Vinyo ndilibe. Kachasu wa kwa aneba alipo.

Zotsatira:
nsidze zapita,
katani wa Nangozo wapita,
bowa wasanduka makala,
ana a m'kalasi mwanga omwe afika ndi zidebe, ndipo aona zonse.

Sukulu ikatsegulira ndikawakalipira ndi nkhope iti? Munthu wopanda nsidze amaoneka wodabwa ngakhale akwiye.

Alamu andigwira paphewa. "Nsidze zimera, musadandaule. Koma pa kachasupo, alamu, mwachimwa."

Loweruka

Kanema nayenso wandiukira. Pulogalamu ya lero: kaphikidwe ka tambala. Shefu wofiira uja, amene ndakhala ndikumuteteza chaka chonse, akuti nkhuku zoyera za m'sitolo n'zachabe, wokoma ndi tambala wamkulu woyenda pabwalo. Ndikupemphera kuti magetsi azime. Masiku onse amazima. Lero ali ngwee!

Alamu sakuyang'ana kanema. Akuyang'ana ine.

Masana akuimbira akazi awo ku Bwanje, mokweza kuti ndi akatekisi omwe amve: "Ayi mayi, sindingabwere. Sindinalandiridwe. Akandifunsa kumudziko kuti kwa aphunzitsi mwadyako chiyani, ndidzati tsamba?"

Nangozo sakundiyankhula. Wanola mpeni pamwala, wausiya patebulo pambali pa limoti ya kanema.

Lamulungu

Misa ku Nzama. Ulaliki: kulandira alendo. Nawonso abambo mfumu! Alamu akugwedeza mutu chiganizo chilichonse, chigongono chili m'nthiti mwanga.

Kapitawo ndamugwira ndekha. Sanathawe n'komwe, amayesa ndabweretsa gaga. Misoti yayang'ana pang'ono, yapitiriza kupalasa.

Waphika Nangozo. Madzi, mchere, anyezi, tomato. Basi. Osafotokozera khoma, osakongoletsa. Alamu alandira nthutumba monga mwa ulemu wa mlendo. Ine khosi. Ndilembe chilungamo pano poti sawerenga wina: ndi wokoma. Shefu uja sananame.

Asamba m'manja, avala nsapato, osadikira ndi tiyi yemwe.

"Ine ntchito yandiunjikira kumunda uko. Mukanapha Lolemba, Lachiwiri ndikanapita. Mwandichedwetsa, alamu."

Ndawachedwetsa ine!

Ntchafu yotsala Nangozo wawakulungira ya panjira. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, chisoti chili chotsitsa mpaka m'maso. Kabaza wafika. Akwera, akhazikika, kenaka atembenuka.

"Ndikawauza achimwene aakulu kuti mumalandira bwino, abwere nawonso. Koma iwo aja nkhuku sadya. Amakonda mbuzi."

Apita. Tambala ndilibe, nsidze ndilibe. Mbuzi ndili nayo imodzi.