Mmene Ndinakwezera Timu Yathu Ndili Pawaya

Ana anga safuna kuti nkhani iyi ndiziyikamba pagulu, ati ndi yochititsa manyazi. Manyazi alipodi, sindikana. Koma ndiyikamba basi, chifukwa akomiti ya Mapira Rangers akulemba buku la mbiri ya timu yathu ndipo amafuna kundidumpha.

Ine ndine Zuze wa kwa Tengani. Ndinali nambala naini chaka chomwe timuyi inalowa mu ligi yaikulu ya dziko lino. Gemu yomaliza tinasewera paboma ku Nsanje ndi timu ina ya kumtunda, ndipo wopambana ndiye amakwera.

M'mawa wake kunamveka mphekesera yoti alendowo athira mankhwala pageti. Akomiti analamula kuti wosewera aliyense asayerekeze kudutsa pamenepo, tonse tilowe podumpha mpanda wa waya. Anzanga anadumpha ngati mbuzi. Ine ndinali womaliza, ndipo nditafika pamwamba ndinaima kaye kuti ndibayibitse masapota. Phazi linaterereka, waya unakola kabudula kumbuyo, ndinangotsala lende, miyendo ikupalasa m'malere ngati ndili pakabaza.

Refa sanadikire munthu. Kochi ataona kuti anyamata sakukwana analowetsa Tchale, munthu woti chaka chonse ankangotenthetsa benchi. Ine ndili mkati mokuwa kuti anditsitse, Tchale anakhudza mpira koyamba, chigoli!

Apa ndiye zinasokonekera. A Alufandika, mkulu wa masapota, ankabwera ndi mpando kuti andithandize. Chigoli chitalowa anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana kugolo, kenako anakhala pampandopo. Anauza anthu kuti akomiti andipachika dala, mankhwala a timu ndine.

"Baba, nditsitseni, kabudula akung'ambika," ndinawadandaulira.

"Pirira mwananga, ukugwira ntchito yaikulu. Zonse zili pyadidi, zili bwino kwabasi."

Dzuwa la kuno mukulidziwa, silinyengerera. Wina anandimwetsa madzi, mayi wina anandifunditsa chitenje kumbuyo komwe kabudula anali atayamba kutsegula zenera. Onsewo ankandikonda, koma wonditsitsa panalibe.

Pa hafu taimu ndinaona kochi akubwera, mtima unakhala pansi. Munthu wophunzira, wa sitifiketi. Anafika pafupi nandinong'oneza.

"Zuze, ine zamankhwalazi sindikhulupirira. Koma tikutsogola."

Anabwerera kubenchi.

Masapota a alendo atamva zoti pawaya pali mankhwala, anabwera chigulu kudzanditsitsa. Sindinayambe ndakondwerapo ndi adani ngati tsiku limenelo. Koma athu anandizungulira, nagwirana manja, nayamba kuimba dzina langa. Panali kukankhana koopsa, ine pamwamba ndikuchemerera alendo kuti alimbikire. Anagonja. Timu yosathandiza, pabwalo ndi pawaya pomwe.

Wezulo yomaliza italira, anthu onse anathamangira kukanyamula Tchale, ine anandiiwala. Amene anandimvera chisoni ndi kabudula yekha, anang'ambikiratu, ndinagwera m'bwalo. Ndi nthawi yokhayo yomwe ndinaponda bwalo tsiku limenelo.

Ndiye sabata yatha ndinamva kuti m'buku lija dzina langa mulibe. Zinandiwawa kwambiri. Ndinapita kwa a sekilitale a timu, anati sangandilembe pa osewera poti mpira sindinaukhudze. Ndinawafunsa kuti ndikanadumpha bwino, Tchale akanalowera pati? Chigoli chija ndi changa, Tchale anangondibwereka phazi. Ndinawauza kuti pampando pawo sindichoka, kukhala malo amodzi nthawi yaitali ndinakuphunzira kale.

Akomiti anakambirana, ndipo dzulo anditumizira tsamba lake. Dzina langa lilimo, m'zilembo zikuluzikulu, pansi pa mutu wakuti "Zipangizo za Timu", pakati pa mpope wopopera mpira ndi ndowa ya madzi.

Asekeni asekeni, ine m'mbiri ndalowa, ndipo ndowayo ndaiposa, ili pansi panga. Kungoti anyamata inu, mukamadumpha mpanda yambani mwatera, kubayibitsa kubwere pambuyo.