Tsiku Limene Ndinayesa Belu ku Mkhumba

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka ku komiti ya mpingo Lamulungu lotsatira chisankho choyamba cha matipate (kope lake ndili nalo). Nkhani inali ya belu. Mpingo wathu wa ku Mkhumba unkaitana anthu pomenya chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, chikhalirecho pakati pawo pali ine, amene ndinali injiniya pafakitale yosungunula zitsulo m'tauni, mpaka kukhala bwana woyang'anira ng'anjo zonse.

Komiti sinayankhe. Ndinalembanso, koma kunali zii. Ndiye ndinapita kwa anzanga akale kufakitale, tinaumba belu lenileni, ndipo ndinabwera nalo pa lole ya chimanga.

Tsono belu latsopano sumangolipachika ayi, umayamba waliyesa. Umamenya kamodzi, n'kumvetsera mpaka kulira kwake kutatheratu, kuti udziwe ngati lili ndi mng'alu. Kenako umamenyanso mbali ina, mpaka mbali zonse zitatha. Ndi zimene ndinachita Lachitatu m'mawa, anthu ali kumunda. (Zaka za m'tauni zinandiiwalitsa kuti kuno belu likamalira kamodzikamodzi chotero, ndiye kuti kwagwa maliro.)

Ndili mkati momvetsera, ndinangoona amayi akutaya makasu, akuthamangira kwa a Namakhwa, uku akulira. A Namakhwa ndi mnzanga wa paubwana, ndipo sabata imeneyo anali chigonere. Ndinataya nyundo n'kuthamangira komweko, ndikulira kuposa onse.

Tinawapeza ali pakhonde, akudya chinangwa chophika.

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Namakhwa.

"Inuyo, achimwene," ndinayankha, misozi ili chuchuchu.

"Ine? Wanena ndani?"

"Belu!" anatero mayi wina.

"Nanga waliza ndani?"

Panali mayi amene anandiona pamtengo paja, ndipo sanachedwe kundiloza. Apo m'pamene ndinazindikira kuti maliro amene ndinkalirawo ndinawalengeza ndekha. Manyazi anabwera pambuyo. Choyamba ndinagwira dzanja la mnzangayo, ndipo linali lofunda bwinobwino.

"Akulu inu, tsiku langa likadzakwana adzalize wina," anatero a Namakhwa akundigawira chinangwa. "Inuyo palibe adzakukhulupirireni."

Komiti inatsekera belulo kunyumba kwa abusa n'kundiletsa kuligwira. Koma kuyesa kuja sindinamalize, chifukwa mbali imodzi sindinaimenye. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti komiti indiyankhe polemba, inditchulire tsiku loti ndidzamalize ntchitoyi, ndipo a Namakhwa adziwitsidwiretu.